Molasesi wa ng'ombe: phindu lili pa sikelo ndi pa mulingo

Mwezi wa Ogasiti ukangodutsa, udzu wa kudambo umakhala utauma gwa, wina utapsa ndi moto wolusa. Pofika Okutobala, ng'ombe zambiri zobwera m'misika ya ku Chikwawa, Nsanje ndi Mzimba zimakhala zikuwerengeka nthiti. Abutchala amazigwetsa mtengo podziwa kuti akugula mafupa ndi chikopa. Kumagulu a alimi a mkaka ku Thyolo, Chiradzulu ndi Dedza nako, zigubu zomwe zinkabwera zodzaza m'mwezi wa Malichi zimafika zili theka. Iyi ndi nyengo imene molasesi amayenda malonda. Ogulitsa zakudya za ziweto, onenepetsa ng'ombe m'khola, komanso ogula ng'ombe zoonda kuti adzagulitse pa Khirisimasi amayamba kufunsana mtengo wa mgolo.

Molasesi angathe kubweza mpamba wa munthu ndi phindu pamwamba, koma angathenso kuudya wonse, mwinanso kupha ng'ombe kumene. Kusiyana kwake kwagona pa zinthu zitatu: kudziwa chimene chili mu molasesi ndi chimene mulibe, kugula pa sikelo osati pa maso, ndi kusunga mulingo podyetsa.

Kumene molasesi amachokera

Nzimbe zikafika kufakitale amazifinya, madzi ake n'kuwawiritsa mpaka atakhuthala ndi kuyamba kupanga timibulu ta shuga. Makina ozungulira mwaliwiro amalekanitsa timibuluto ndi madzi otsala. Madziwo amawawiritsanso mobwereza kuti achotsemo shuga wina, mpaka wotsalayo atakana kuumbika. Chotsalira chakuda, chonanda, chomata m'manja ndi chonunkhira ngati shuga wopserera ndicho molasesi. Pa matani 100 alionse a nzimbe pamatuluka matani 3 mpaka 4 a molasesi.

M'dziko muno molasesi amachokera kumafakitale a shuga a ku Nchalo m'boma la Chikwawa ndi ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, omwe ndi a kampani ya Illovo, komanso ku fakitale ya Salima Sugar. Ya ku Nchalo inayamba kupanga shuga mu 1966 ndipo ya ku Dwangwa mu 1979. Koma woweta ng'ombe si yekha amene amamufuna. Kuyambira mu 1982, kampani ya EthCo ku Dwangwa yakhala ikuphika ethanol kuchokera ku molasesi, ndipo PressCane inayamba ntchito yomweyo ku Chikwawa mu 2004. Ethanol ameneyu ndi amene amasakanizidwa ndi petulo wa m'galimoto.

Zimenezi zikutanthauza kuti wamalonda wamng'ono akamafunafuna mgolo umodzi kapena iwiri, akulimbirana katundu ndi ogula akuluakulu otenga pa matanki. N'chifukwa chake molasesi sapezeka mwachisawawa ngati madeya a pachigayo, ndipo mtengo wake sutsata msika wa ng'ombe wokha. Chinanso n'chakuti mafakitale sagaya nzimbe chaka chonse. Amayamba cha mu Epulo, mvula ikaleka, n'kutseka cha kumapeto kwa chaka, mvula ikayambanso. Miyezi ya dzinja molasesi watsopano sakhalapo, ndipo amene ali naye pa nthawiyo ndi amene anasungiratu.

Chimene chili mumgolo

Pa makilo 100 a molasesi wosathira madzi, makilo pafupifupi 25 ndi madzi achibadwa, ndipo pafupifupi theka la kulemera konse ndi shuga. Mulinso mchere wa potaziyamu wambiri, kashiamu ndi safa pang'ono. Zomanga thupi, zomwe alangizi amati mapuloteni, zimangokhala makilo 3 mpaka 5 basi, ndipo fosifolasi, amene amalimbitsa mafupa ndi kuthandiza ng'ombe kutenga bere, ndi wochepa zedi. Mwachidule, molasesi ndi chakudya chopatsa mphamvu, osati chomanga mnofu.

Kuti izi zimveke bwino, m'pofunika kudziwa mmene ng'ombe imagayira chakudya. M'chifu chake chachikulu muli tizilombo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, tomwe timaphwanya udzu ndi mapesi. Ng'ombe imakhuta ndi kunenepa ndi zimene tizilomboti tapanga. Kuti tigwire ntchito, timafuna zinthu ziwiri: mphamvu ndi zomanga thupi. Chakudya chikakhala ndi zomanga thupi zosafika magawo 7 pa 100 alionse, tizilomboti timafooka, chakudya chimakhalitsa m'mimba, ndipo ng'ombe imachepetsa kudya. Mapesi a chimanga ali ndi magawo 4 kapena 5 okha, udzu wouma wa m'chilimwe nthawi zambiri umachepera apo. Ichi n'chifukwa chake ng'ombe imaonda ngakhale itaima pakati pa mulu wa mapesi.

Ntchito yoyamba ya molasesi ndi kukometsa. Mapesi owazidwa molasesi ng'ombe imadya mpaka phesi lenileni, pomwe ouma okha imangosankha masamba, zotsalazo n'kupondaponda. Ntchito yachiwiri ndi kupereka shuga wofulumira ku tizilombo ta m'chifu. Koma shuga yekha sakwanira. Popanda zomanga thupi, ng'ombe imanyambita kutsekemera, ndalama n'kumapita, thupi osasintha. Molasesi amaonetsa mphamvu zake akayenda limodzi ndi masangwe a mtedza, masamba a nandolo, masamba a lukina, kapena zotsalira za njere za thonje, mpendadzuwa ndi soya akayenga mafuta. Masamba a lukina ali ndi zomanga thupi zopitirira magawo 20 pa 100, ngakhale kuti sayenera kupyola gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse cha tsiku. Madeya nawo amathandiza, chifukwa ali ndi zomanga thupi pafupifupi magawo 10 pa 100 komanso fosifolasi amene molasesi alibe.

Kugula pa sikelo

Molasesi ndi wolemera kuposa madzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi, koma lita imodzi ya molasesi weniweni imalemera pafupifupi makilo 1.4. Choncho botolo la malita 5 liyenera kulemera makilo 7, chigubu cha malita 20 makilo 28, ndipo mgolo wa malita 200 makilo pafupifupi 280, osawerengera kulemera kwa chotengeracho. Manambala amenewa ndi chitetezo chachikulu cha wogula, pakuti chinyengo chofala pa malondawa ndi kuthira madzi.

Masamu ake ndi osavuta. Munthu akachotsa malita 5 a molasesi m'chigubu cha malita 20 n'kuthiramo madzi, chigubucho chimaonekabe chodzaza komanso chakuda bii, koma pa sikelo chimalemera makilo 26 m'malo mwa 28. Akathira madzi theka, chimatsika kufika pa makilo 24. Kusiyana kwa makilo awiri okha kukutanthauza kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama yagula madzi a pamjigo. Wamalonda wochenjera amayamba wayeza chigubu chopanda kanthu, kenako chodzaza, n'kuchotsera. Sikelo ya m'manja yoyezera chimanga ndi yokwanira pa ntchitoyi.

Maso amanamiza chifukwa molasesi amasintha ndi nyengo. M'mawa wa mu Juni kukuzizira, ngakhale wothira madzi pang'ono amaoneka wolimba. Masana a mu Okutobala ku Nchalo, weniweni amafewa n'kumayenderera mosavuta. Kuviika ndodo n'kuona mmene akudonthera kumathandiza pokhapokha pali wina wodziwika bwino woyerekeza naye pa nthawi yomweyo.

Vuto la madzi si kuba kokha. Molasesi wosasungunula sawonongeka msanga chifukwa shuga wake ndi wochuluka moti tizilombo towoletsa sitingathe kuswana. Akangolowa madzi amayamba kusasa. Pamwamba pamabwera thovu, fungo limasanduka la mowa kapena lowawasa, zigubu zimafufuma, zina mpaka kuphulitsa zivindikiro. Katundu wotere shuga wake amakhala akutha tsiku ndi tsiku, ndipo wogula woti akagulitsenso ayenera kumukana ngakhale amutsitsire mtengo.

Chotengera nacho n'chofunika kuchifunsa. Mgolo umene munali mankhwala ophera tizilombo, dizilo, oyilo kapena penti sungayere ndi kutsuka kwa pakhomo. Ng'ombe ingadwale, ndipo fungo lingalowe mumkaka n'kuchititsa kuti ukanidwe kumalo osonkhanitsira mkaka. Migolo ndi zigubu zomwe munali mafuta ophikira kapena zakudya zina ndiyo yoyenera.

Mtengo woyenera ndi uti?

Mitengo imasintha malinga ndi dera ndi mwezi, koma pali muyeso umene susintha. Pa nkhani ya mphamvu, kilo imodzi ya molasesi imafanana ndi magalamu pafupifupi 700 a chimanga chogaya. Mwachitsanzo, pa K1,000 iliyonse imene kilo ya chimanga ikugulidwa, kilo ya molasesi siyenera kupitirira K700 ngati cholinga ndi mphamvu basi. Madeya abwino nawo amaposa molasesi kilo kwa kilo, chifukwa ndi ouma ndipo ali ndi zomanga thupi. Choncho amene akugula molasesi kuti alowe m'malo mwa madeya, pomwe madeya ali otsika mtengo pachigayo chapafupi, akutaya ndalama.

Pamene molasesi amapambana ndi pamene kamulingo kochepa kakuchititsa ng'ombe kudya mulu wa mapesi omwe akanatenthedwa kumunda, pamene akugwira ntchito youmbira mabuloko onyambita, ndi pamene akuthandiza kusunga udzu. Pa ntchito zitatuzi angagulidwe mokwererako pang'ono koma n'kupindulitsabe.

Wogula kuti akagulitsenso ayenera kuwerengera zinthu zinayi asanaike mtengo: mtengo wa mgolo, thiransipoti pamodzi ndi okweza ndi otsitsa, mabotolo kapena zigubu zopimiramo, ndi molasesi wotsalira m'mbali mwa mgolo. Thiransipoti imapweteka kwambiri pa katunduyu, pakuti migolo inayi yokha yapitirira kale tani imodzi. Ichi n'chifukwa chake molasesi wotchipa ku Chikwawa angafike ku Mchinji kapena ku Mzimba ali wodula kuposa chimanga. Zonse zikaphatikizidwa, azigawe ndi makilo amene angagulitsedi, omwe amachepera pang'ono pa 280. Wotsalira m'mbali sataya: kutsukuluza mgolo ndi madzi ofunda kumapereka madzi otsekemera owaza pa mapesi tsiku lomwelo.

Alimi ambiri a ng'ombe imodzi kapena ziwiri sangakwanitse mgolo, ndipo apa ndi pamene pali msika wa wamalonda wamng'ono. Kupima m'mabotolo a malita 5 ndi m'zigubu za malita 20 kumafikira mlimi wa mkaka amene amalandira ndalama zake pamwezi. Botolo la malita 5 limakwanira ng'ombe imodzi kwa sabata, chigubu cha malita 20 kwa mwezi wathunthu. Wogulitsa amene amauza kasitomala zimenezi, n'kumuyezera pa sikelo iye akuona, ndi amene amabwereredwa.

Mulingo podyetsa

Ng'ombe yolemera makilo 300, monga zambiri za mtundu wa Malawi Zebu zikakula, imadya chakudya chouma cha makilo 7 mpaka 8 patsiku. Molasesi sayenera kupitirira magawo 10 mpaka 15 pa 100 a chakudya chimenechi. Kunena mwa sikelo, ndi kilo imodzi mpaka kilo imodzi ndi theka patsiku, pafupifupi lita imodzi. Ng'ombe zikuluzikulu za mkaka monga Friesian zingafike pa makilo awiri. Zazing'ono zomwe zaleka kuyamwa, theka la kilo ndi lokwanira.

Mulingo umenewu safikapo tsiku limodzi. Tizilombo ta m'chifu timafuna nthawi kuti tizolowere chakudya chatsopano. Masiku oyamba mlimi amayamba ndi kotala ya kilo, n'kumaonjezera pang'onopang'ono mpaka kufika pa mulingo wonse pakatha masabata awiri. Ndi bwinonso kugawa kawiri, m'mawa ndi madzulo, kusiyana ndi kupereka zonse nthawi imodzi.

Kachitidwe kake ndi kotere. Mapesi amadulidwa ndi chikwanje m'tizidutswa totalika ngati chala. Gawo limodzi la molasesi limasungunulidwa m'magawo awiri kapena atatu a madzi, makamaka ofunda, kenako n'kuwaza pa mapesiwo ndi kheni yothirira mbewu kapena ndi tsache, uku akutembenuza kuti alowerere. Pamwamba pake amasakanizapo masangwe, masamba a lukina kapena madeya. Wosungunula ndi wa tsiku lomwelo basi, chifukwa wogona amasasa. Modyeramo muzitsukidwa kawirikawiri, pakuti zotsalira zimaitana ntchentche, nyerere ndi njuchi. Ng'ombe yodya molasesi imamva ludzu kwambiri, choncho madzi akumwa azikhalapo tsiku lonse, pamodzi ndi mchere wonyambita wokhala ndi fosifolasi.

Kwa wogula ng'ombe yoonda kuti anenepetse, masamu ake ayambe asanapite kumsika. Kunenepetsa kwa masiku 90 pa kilo imodzi patsiku kumadya makilo 90 a molasesi, omwe ndi zigubu zitatu za malita 20 ndi kena pang'ono. Mgolo umodzi umakwanira ng'ombe zitatu pa nthawi imeneyi. Pamwamba pake awerengere madeya, zomanga thupi, mankhwala a njoka za m'mimba ndi a nkhupakupa. Ng'ombe yodzaza njoka za m'mimba sinenepa ngakhale idye zotsekemera zotani, ndipo nkhalamba yotha mano siyenera kugulidwa n'komwe.

Kwa mlimi wa mkaka, muyeso ndi chigubu. Alembe malita a tsiku lililonse kwa sabata imodzi asanayambe, n'kulembanso pakatha masabata atatu. Ngati mkaka woonjezerekawo sukulipira molasesi wa tsikulo, vuto nthawi zambiri limakhala kuchepa kwa zomanga thupi, osati kuchepa kwa molasesi. Ng'ombe ya bere yomwe yatsala masabata atatu kuti ibereke ndi bwino kuichepetsera kapena kuisiyitsa, chifukwa potaziyamu wochuluka amaonjezera chiopsezo cha matenda ogwetsa ng'ombe ikangobereka.

Akachuluka

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ng'ombe ikapeza mgolo wotsegula simadziletsa. Chizindikiro choyamba cha molasesi wochuluka ndi ndowe zamadzimadzi zakuda, zomata kumchira. Shuga akachulukitsa m'chifu, tizilombo togaya udzu timagonja, m'mimba mumachita asidi, ndipo ng'ombe imasiya kubzikula ndi kudya. Zotsatira zake zimakhala zosiyana ndi zimene mwini wake amafuna: mapesi sagayika, mkaka umatsika, mafuta a mumkaka amachepa.

Pali vuto lina loopsa kwambiri limene limagwira ng'ombe zomwa molasesi wambiri popanda udzu wokwanira. Imayamba kudzandira ngati yoledzera, kuyenda mozungulira, kutuluka dovu, kukanikiza mutu kukhoma, mwinanso kuchita khungu. Apa ubongo umakhala utakhudzidwa. Chofunika ndi kuchotsa molasesi nthawi yomweyo, kupereka udzu wabwino ndi kuitana mlangizi wa ziweto. Kupewa kwake n'kumodzi: udzu kapena mapesi ndiye chakudya chenicheni, molasesi ndi wongokometsera, ndipo mgolo uzikhala wotseka kumalo kumene ziweto sizifika.

Molasesi ndi urea

Njira yotchipa yoperekera zomanga thupi kwa ng'ombe ndi feteleza wa urea, amene ali ndi magawo 46 pa 100 a nayitirojeni. Tizilombo ta m'chifu timatha kusandutsa nayitirojeniyu kukhala zomanga thupi, bola pakhale shuga wotipatsa mphamvu pa nthawi yomweyo. N'chifukwa chake urea ndi molasesi amayendera limodzi. Koma urea ndi poizoni akalowa wambiri nthawi imodzi. Magalamu 100 mpaka 150, omwe ndi ongodzaza dzanja, angaphe ng'ombe ya makilo 300 yosazolowera. Kuthira urea m'madzi a molasesi oti ng'ombe imwe ndi njira yachidule yotayira chiweto.

Njira yotetezeka ndi buloko lolimba limene ng'ombe imangonyambita pang'onopang'ono. Kasakanizidwe kodziwika bwino, pa makilo 10 alionse, ndi aka: makilo 4 a molasesi, makilo 3.5 a madeya a chimanga kapena a mpunga, kilo imodzi ya urea, kilo imodzi ya simenti, ndi theka la kilo ya mchere. Urea amayamba wasinjidwa n'kusungunulidwa mu molasesi mpaka pasaoneke kambulu ngakhale kamodzi, chifukwa kabuma kotsalira ndiko kamapha. Simenti ndi mchere amazikanda padera ndi madzi osakwana theka la lita, n'kuzithira mu molasesi muja. Madeya amalowa komaliza, pang'onopang'ono, uku akutakasa mpaka zonse zitafanana. Phalalo amalitsendera mwamphamvu m'chikombole cha njerwa kapena m'kandowa koyalamo pepala la pulasitiki. Mawa lake amalitulutsa n'kuliyanika pamthunzi podutsa mphepo kwa sabata imodzi kapena awiri. Buloko lauma bwino ngati chala chachikulu chikukanika kulowa polidina.

Apa pali bizinesi yooneka. Mgolo umodzi wa makilo 280 umatulutsa makilo 700 a mabuloko, kutanthauza mabuloko 140 a makilo asanu. Pamafunika makilo 245 a madeya, makilo 70 a urea, makilo 70 a simenti ndi makilo 35 a mchere. Ng'ombe yaikulu imanyambita pafupifupi theka la kilo patsiku, choncho buloko limodzi limatha masiku khumi, ndipo urea wolowa m'thupi patsiku amakhala magalamu 50 okha. Buloko silidontha, silifuna chigubu, ndipo limakwera pa njinga mosavuta.

Koma wogulitsa mabuloko akugulitsa chinthu chimene chingaphe, choncho malamulo ake ayenera kuperekedwa pamodzi ndi katunduyo, ngakhale kulemba pa kapepala. Feteleza wake ndi urea yekha. CAN ndi feteleza wokulitsa wa NPK saloledwa m'pang'ono pomwe. Buloko si la ana a ng'ombe osakwana miyezi 6, chifukwa chifu chawo chachikulu chimakhala chisanakhwime. Si la nkhumba, nkhuku kapena abulu. Ng'ombe yanjala siyenera kulipeza isanadye udzu. Sabata yoyamba lizikhala m'khola kwa ola limodzi lokha patsiku, nthawi n'kumaonjezereka pambuyo pake. Lisanyowe ndi mvula, pakuti madzi odikha pansi pake amakhala odzaza urea ndipo ng'ombe imawamwa. Lisaswedwe, lisasungunulidwe, ndipo lofewa loti ng'ombe ingalume lisagulitsidwe. Soya wosakazinga asaperekedwe limodzi ndi urea, chifukwa amafulumizitsa poizoni wake.

Poizoni wa urea amaoneka msanga, nthawi zambiri pasanathe ola limodzi. Ng'ombe imanjenjemera, kutuluka dovu, kupuma mofulumira, kutupa mimba ndi kudzandira. Thandizo loyamba ndi kuimwetsa viniga wa kukhitchini, malita 2 mpaka 4, ndi madzi ozizira ambiri, uku wina akuthamangira mlangizi wa ziweto. Yomwe yagwa kale ndipo sikutha kumeza isathiridwe kanthu m'kamwa, chifukwa madziwo angalowe m'mapapo. Aliyense wogwiritsa ntchito urea ayenera kukhala ndi viniga pafupi, ndipo wogulitsa mabuloko angachite bwino kumugulitsanso pambali.

Kusunga udzu wa dzinja

Msika wina wa molasesi umabwera nthawi imene ambiri samuganizira. M'miyezi ya Febuluwale mpaka Epulo udzu wa nsenjere umachuluka kuposa mmene ng'ombe zingadyere. Alimi a mkaka amaudula, kuufotetsa pang'ono, kuuduladula ndi kuutsendera m'dzenje kapena m'matumba akuluakulu a pulasitiki mosalowa mpweya, kupanga chimene amati sayileji. Kuti udzu usungike, umayenera kusasa bwino m'malo mowola, ndipo kusasako kumafuna shuga. Chimanga chachiwisi chili ndi shuga wake wokwanira, koma nsenjere zili ndi wochepa. Makilo 3 mpaka 5 a molasesi pa makilo 100 alionse a nsenjere, osungunulidwa ndi madzi pang'ono n'kuwazidwa pa mulu uliwonse potsendera, amakonza vutoli. Pakatha masabata 6 sayileji amakhala atapsa, ndipo dzenje losatsegula limasunga chakudya mpaka chilimwe.

Nthawi yopanga sayileji imagwa pamene mafakitale a shuga ali otseka. Wamalonda amene anagula migolo mu Okutobala kapena Novembala n'kuisunga bwino amakhala ndi katundu pamene anzake alibe. Tani imodzi ya nsenjere imafuna makilo 30 mpaka 50, choncho mgolo umodzi ungathandize alimi angapo a m'gulu limodzi. Magulu a alimi a mkaka, monga omwe ali pansi pa bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association m'chigawo cha kummwera, amasonkhana malo amodzi tsiku lililonse popereka mkaka, ndipo kumeneko n'kosavuta kulemberatu maoda.

Kusunga katundu

Molasesi wosathira madzi amakhala miyezi yambiri osawonongeka ngati mgolo uli pamthunzi, wotsekedwa kuti mvula isalowe, ndiponso wokwezedwa pa matabwa kapena pa njerwa. Dzuwa lamphamvu limamutenthetsa n'kumuchititsa thovu, choncho mgolo usadzazidwe mpaka pakamwa, ndipo chivindikiro chizimasulidwa pang'ono nthawi ndi nthawi kuti mpweya utuluke. Chotungira chizikhala chouma. Kapu yonyowa yoviikidwa mumgolo tsiku ndi tsiku ndi yokwanira kuyambitsa kusasa pamwamba. Pansi pa mgolo kuthira phulusa kumachepetsa nyerere.

Woyamba kumene malondawa asathamangire migolo khumi. Mgolo umodzi, sikelo yokhulupirika ndi alimi asanu kapena khumi odziwika amene ali ndi mapesi ndi masangwe osunga ndi chiyambi chokwanira. Pakatha mwezi, ng'ombe za alimiwo ndi zimene zidzanene ngati pakufunika mgolo wachiwiri.